Maliro a m'foni

Mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa malemu mwana wanga wachiwiri, anafika kuno ku Zingalume nshawa titakumba kale. Anabadwira ku Lusaka, nakulira komweko. Mayi ake atamwalira anatsala yekha, kenaka sitolo imene ankagwirako ntchito inatsekedwa, eni nyumba namutulutsa. Tsiku lofika lomwelo anandiuza kuti mwezi ukatha akwera minibasi kubwerera. Kubwerera kwa yani? Kulibe. Ine ndinkafuna akhale, koma mwana wa m'tauni sumumanga ndi mawu.

Tsiku lonse ankakhala pakhonde maso ali pafoni. Ukaona wanyamuka, ndiye kuti akupita kugolosale kukaitchaja pasola. Chimene chinkandiyabwa ine ndi ichi: m'kanthu kochepa ngati sopo muli chiyani choti munthu n'kuiwala kudya? Ndinamufunsa.

"Ndi filimu, Ambuya. Ya kutha kwa dziko."

"Latha liti?"

"Silinathe. Angoganizira."

Anandifotokozera kuti kuli anthu amene ntchito yawo ndi kupeka maiko amene kulibe. Ena amalemba m'mabuku dziko limene zonse zili bwino, ena dziko limene zonse zinaonongeka, ndiye ena amatenga zimenezo n'kuzisewera. Ndinafunsa kuti anthu a ntchito imeneyo amadya chiyani. Anati umenewo ndiye munda wawo.

Zoterezi sungaone wekha. Ndinaitana alamu, mkazi wa malemu alongo anga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa khola. Anabwera ndi lichero lawo. Tinakhala pamthunzi kusenda nshawa zambewu, foni titaitsamiritsa pamtondo, mdzukulu akutimasulira Chingerezi.

Tinaona dziko lopanda magetsi. Galimoto zinali zitafera m'misewu, udzu utamera m'kati. Anthu ankatunga madzi kumtsinje, kuphika pankhuni, katundu kukoka pangolo. Alamu anapirira ndithu, kenaka anafunsa:

"Nanga dzikolo litha nthawi yanji?"

"Latha kale, Ambuya. Ndi limenelo."

"Iiih! Mkazi mnzanga, ndiye kuti ife tinatha kale osadziwa?"

Amamutcha choncho, mkazi mnzawo, monga timachitira ndi adzukulu. Iye anangoti, "Mwaona tsopano chifukwa chake ndikufuna kupita."

Ine mafunso anandichulukira. Mtsinje uli pomwepo, bwanji onse nkhope zili mbuu? Bwanji akakumana sapatsana moni, angolozana mfuti? Nthaka yakuda bii, yabwino, koma palibe wogwira khasu. Mdzukulu anati sangalime chifukwa ali paulendo: anamva kuti kuseri kwa mapiri kuli mudzi wa mpanda, m'kati mwake mulibe njala, matenda kapena ndewu. Apo ndiye tinakangana. Alamu anati kumeneko chigayo chiyenera kukhala chaulere. Ine ndinafuna kudziwa ngati mbuzi za kumeneko zimalowa m'madimba a eni, chifukwa ngati sizilowa, anthu amacheza nkhani zanji? Mdzukulu anaseka, koyamba chifikireni. Foni inazima tisanagwirizane.

M'mawa mwake tinapitiriza. Pagulu la apaulendowo panali mkulu wina wachifuwa, amene ankanyamula mphika. Alamu anali atamusankha kale kuti akanakhala wa kuno akanamulola. Mkuluyo anakhala pansi m'mbali mwa msewu, natsamira mwala, osadzukanso. Anzakewo anamuvula nsapato, anatenga mphika, anamufunditsa thumba, n'kumapita.

Tinadikira.

"Apita kukaitana anthu?" anafunsa alamu.

"Ayi."

"Kukatenga makasu?"

"Ayi, Ambuya. Apita basi."

Alamu anatula lichero pansi, nakutumula makoko pachitenje, napinda manja. Ine ndinapezeka nanenso ndaleka. Kuno maliro akagwa, ntchito imaima. Musaganize kuti sitinkadziwa kuti ndi sewero. Timaona achinyamata kutchalitchi pa Lachisanu Loyera, wopachikidwayo madzulo amakwera njinga kupita kwawo. Koma manja anakana okha. Ndinafunsa ngati munthu amene ankajambulayo analibe manja oti n'kukumba.

Ndinkayesa mdzukulu aseka. Sanaseke. Anazimitsa foni, nayang'ana kumbali.

"Amama zinalinso choncho," anatero.

Mwana wanga anamwalira nthawi ya matenda aja oletsa anthu kusonkhana, ndipo ife sitinaloledwe kupita. Mdzukulu anali asanatiuzepo za tsikulo. Anati kumanda kunali iye, anansi awiri, ndi amuna ovala zophimba kumaso amene ankafulumira chifukwa kunali maliro ena. Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwerera kunyumba. Anasesa yekha, nakhala pampando.

"Palibe anawalira," anatero.

"Palibe?" Alamu anatembenuka thupi lonse. "Iwe mwana, ukutitukwana?"

Ndiye anayamba kumuuza. Uthenga unafika pafoni ya akatekisiti, belu linalira. Anthu anachokera ku Mlolo panjinga, a ku Pembamoyo wapansi. Mtembo panalibe, choncho tinayala mphasa m'nyumba, n'kuikapo chitenje chimene mayi akewo anasiya ali mtsikana, amayi n'kuzungulira. Akwaya anaimba mpaka mawu kusasa. Achibale a bambo ake, amene ndi a gule, anaimba ng'oma zawo chapatali, akatekisiti n'kukhala ngati makutu awo adwala. Mbuzi inaphedwa. Amayi awiri anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha chikombe choomolera nsima.

"Koma kusonkhana kunali koletsedwa," anatero mdzukulu.

"Lamulolo linabwera panjinga yophwa," anayankha alamu. "Linatipeza tikusesa phulusa."

Mdzukulu anandiyang'ana ine. "Ambuya, bwanji simunandiuze?"

Funso limenelo linandidabwitsa kuposa filimu. Pafoni ndinkangoti pepa, limba mtima. Ndani amauza munthu kuti tinalira? Zili ngati kumuuza kuti mvula ikagwa pansi pamanyowa. Sindinkadziwa kuti kuli malo pansi pano amene munthu angaganize kuti mayi ake anapita mwakachetechete ngati nkhuku.

Mdzukulu analira pamenepo, ife tinamuthandiza. Atapukuta maso anayamba kufunsa. Anabwera ndani? Anagona pati? Anaimba nyimbo yanji?

"Zimenezo safunsa uli pakhonde," anatero alamu. "Mwana wa malemu amayenda yekha kukaonekera kwa amene anagona pamaliro. Ukhala wamwano mpaka liti?"

Tinayamba ndi nyumba zapafupi, ine patsogolo, iye pambuyo atavala chitenje changa. Ankaganiza kuti ndi zongoti zikomo n'kudutsa. Kuno sizitero. Amakuyalira mphasa, amakulirira pang'ono, kenaka nkhani. Wina anamuonetsa mtengo wa mango umene mayi ake anagwamo n'kuthyoka dzino. Wina anati mayi akewo anali mnzake wa kuchinamwali, namunong'oneza zimene ine sindinaloledwe kumva. Potuluka, uyu dzungu, uyu nkhuku. Nyumba ziwiri, dzuwa lapendeka.

Filimu ija sitinaimalize, alamu anakana kuyenda ndi anthu osiya mnzawo pamsewu. Ine mpaka lero ndimadzifunsa ngati anafika kumudzi wa mpanda uja, ndiponso ngati a kumeneko anawafunsa pachipata kuti nsapato zinazo ndi za yani.

Mwezi unatsala pang'ono kutha a ku Mlolo tisanawafike. Miyendo yanga kumeneko siifika, ndiye mdzukulu anabwereka njinga napita yekha kwa azakhali ake. Tsiku la minibasi ndinakhala panja kuyang'ana njira, mtima uli m'mwamba. Amene anatulukira ndi bambo wina wogulitsa tomato, atatumidwa.

"Akuti musawadikire, azakhali awo awagwira mpaka Lamulungu. Akufunsanso ngati dimba la mayi awo la kudambo lili ndi mwini."

"Mubwereranso komweko?"

"Mawa."

"Mukamuuze kuti muli udzu wokhawokha, ndipo khasu abwere nalo lake."