Chaka chomwe tinakwera ku Dambe ndi malambe

Udzu wa kumapiri kuja unali woyera ngati wawazidwa ufa, ndipo nditaupondapo unalira kuti tswa, mapazi anga n'kuchita dzanzi. Ndinali ndisanaonepo chisanu chogona pansi, poti kwathu ku Lisungwi, kuchigwa, ngakhale mwezi wa Juni chitenje chimodzi chinkatikwanira kufunda.

Chaka chimenecho chimanga chinapserera kwathu, ndiye amayi ananditenga ulendo wa ku Dambe kukasinthanitsa malambe, bwemba ndi matemba kuti tipeze mbatata ya kachewere. Ine ndinasenza kadengu, iwo mtanga, kumbuyo atabereka mlongo wanga Yohane, khanda losayamba n'kukwawa komwe. Tinagona kwa achibale panjira, m'mamawa n'kupitiriza. Mitengo inkachepa tikamakwera mpaka inatheratu, kunangotsala miyala, udzu waufupi ndi mphepo yoimba mluzu m'makutu. Kenaka chifunga chinatikuta, njira n'kusowa.

Yohane, amene analira njira yonse, anangoti zii. Amayi atamutsitsa, milomo yake inali itatuwa, timanja tozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anamugwedeza, kumuitana, koma iye osatsegula maso. Chapatali tinamva phu! phu! phu! ndipo tinalondola phokosolo mpaka pabwalo pamene mayi wina wamtali ankapuntha tirigu ndi ndodo. Sanafunse kuti ndife ayani. Anataya ndodo, kulanda mwana, kumuvula zonse, n'kumulowetsa m'malaya mwake, thupi kukhudza thupi, bulangete pamwamba. Atatilowetsa m'nyumba, amayi anafuna kumutengera mwanayo pamoto.

"Pamoto ayi, mayi, inu khalani pansi," anatero mayi uja. "Kuno mwana timamufunditsa ndi chifuwa."

M'kanyumba kake kakafupi munkanunkha utsi wa zitsononkho ndi ndowe zouma, poti nkhuni kumeneko n'zosowa. Tinakhala pansi, maso pa bulangete. Kenaka munamveka kakubuula, kotsatira kulira kwenikweni, ndipo amayi, amene anadzilimbitsa njira yonse, analira naye limodzi.

Masana nditatuluka panja ndinaima kukamwa yasa. Chifunga chija chinali chitatsika, mitambo itayalana pansi pa mapazi anga ngati thonje, kuphimba chigwa chonse ndi kwathu komwe, pamene ife kumtunda dzuwa likuwala pa minda ya tirigu. Ndinadzifunsa kuti kodi awa ndi anthu otani, okhala pamwamba pa mvula?

Tinatsika ndi kachewere wodzaza mtanga, tirigu ali pamwamba ngati basera. Masiku ano amalonda amakwera pa njinga zamoto n'kubwerako tsiku lomwelo, osagogoda pakhomo pa munthu. Yohane ndi mmodzi wa iwo, bambo wa ana ake tsopano. Atakafunsa za aNaphiri, mayi wopuntha tirigu uja, anapeza kanyumba katagwa, eni ake akuti anabwerera kwawo ku Mozambiki kalekale. Amadutsabe pamalopo sabata iliyonse, munthu wamoyo chifukwa cha chifuwa cha mayi amene sadzamudziwa nkhope.