Giza ya m'boti la a Sakala

A Ambrose Namaona sadziwa kusambira. Aliyense wowadziwa ku Oshawa, m'dziko la Canada, amayambira pamenepa akafuna kuwafotokoza, poti n'zoseketsadi: munthu wagwira ntchito m'mimba mwa maboti mpaka imvi kumera, koma m'madzi amalekeza mu akakolo. Eni ake sakana. Amati boti amalikonda likakhala pamtunda, litakhazikidwa pa zitsulo, losagwedezeka.

Anabadwira ku Thyolo, m'malaini a esiteti ya tiyi. Bambo awo ankasonkhezera boyila ya pafakitale, ndipo iwo anakula akudziwa kuti paipi ikamalira mwakutimwakuti ndiye kuti mwalowa mpweya, ikamagogoda ndiye kuti yatsala pang'ono kukuchititsa manyazi. Upulambala anakaphunzirira ku Blantyre, nayenda m'nyumba za ku Namiwawa ndi Sunnyside kukonza magiza otenthetsera madzi a mabwana. Anakwatira Selina, namwino wa ku Chiradzulu, ndipo mwayi wa ku Canada utatsegukira mayiyo, iwo anatsatira m'mbuyo ndi masutikesi. Mapepala awo a upulambala kuno anangowayang'ana n'kuwabwezera. Ananyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu mpaka msana unayamba kudandaula. Kenako mnzawo wa kutchalitchi anawalozera doko lina la maboti m'mphepete mwa nyanja ya Ontario, komwe ankafuna munthu wodziwa mapaipi, wosanyansidwa ndi kukwawa m'malo opanikiza. Kumeneko ndi komwe anakhazikika.

Ntchito yawo yaikulu imabwera masamba akayamba kufiira. Kireni imatulutsa maboti m'madzi, n'kuwandandalika pabwalo, ndipo aliyense amathamangira kuti chisanu chisapeze dontho la madzi m'paipi. Madzi akaundana amatupa, n'kung'amba ngakhale chitsulo. Ndiye matanki amakhuthulidwa, ndipo m'mapaipi onse amathiramo mankhwala apinki oletsa kuundana. Koma mu giza sathiramo. Giza imameza mankhwala ambiri, ndipo fungo lake limakakamira m'madzi osamba chilimwe chonse. Chomwe a Namaona amachita n'kuzula paipi yolowetsa madzi ozizira ndi paipi yotulutsa otentha, n'kuzilumikiza ziwirizo ndi kachidutswa, kuti mankhwala azilambalala giza. Iyo amaikhuthula n'kuisiya yopanda kanthu mpaka dzuwa libwerere. Azungu amati kubayipasa. A Namaona amati kuipumitsa.

Padoko lonselo munthu wakuda wokhala ndi boti lakelake anali mmodzi yekha, a Fredrick Sakala, injiniya wa ku Chipata amene ankakhala ku North York. Boti lawo linali la matanga, lakale koma losamalidwa. Tsiku loyamba anamva a Namaona akuyimba nyimbo ya kwaya ali chagada pansi pa injini ya boti lina, ndipo anaima n'kuyankhira besi. Kuyambira pamenepo anali achimwene. A Sakala sankatopa kuwanyengerera kuti tsiku lina akwere nawo.

"Tingofika apo poonekela nsanja ya CN Tower, tibwelele," ankatero.

"Pitani achimwene, mudzandiuza mmene kulili," ankayankha a Namaona, akupukuta girisi m'manja.

Loweruka lina mu Ogasiti a Sakala anapita okha, monga ankachitira nthawi zambiri. Kunja kunali bwinobwino, mphepo yongokwanira. Madzulo boti lina linapeza boti lawo likungozungulira patali, matanga ali otambasula, m'kati mopanda munthu. Nsapato zawo zinali pakhomo la chipinda, jekete yoyandamitsa ili pachikolowekero. Apolisi anafufuza, ndege inazungulira, koma nyanja ya Ontario ndi yakuya ndi yozizira, ndipo sinabweze kanthu. Boti analikokera kudoko. Palibe analikhudza mpaka kireni inalitulutsa pamodzi ndi anzake.

Kumapeto kwa Okutobala, nyuzi zitalengeza kuti chisanu choundanitsa chili m'njira, kunabwera akazi a malemuwo, mayi Agness Sakala, ndi makiyi. Kunali masana, kumwamba kuli mbuu, dzuwa losaoneka kuyambira m'mawa. A Namaona anawaona akutsika m'galimoto ataonda, atavala chipewa cha ubweya cha amuna awo.

"Alamu," anatero a Namaona.

"Nabwela, a Namaona. A ku ofesi akuti boti yathu ndiye yatsalila."

Anaimika makwerero. A Namaona anayamba kukwera, mayiyo pambuyo. M'chipinda cha m'boti munali fungo la chinyontho ndi dizilo, ndi kuzizira kolowa m'mano. Mayi Sakala anakhala pa benchi, manja ali pakati pa mawondo, osayang'ana uku kapena uko. A Namaona anagwada n'kutsegula kabati ya pansi pa bedi momwe munali giza, napisa dzanja kufunafuna mapaipi.

Anachotsa dzanjalo msanga.

Giza inali yofunda. Osati kutentha kowotcha, koma ngati mphika umene wauphula posachedwapa. Anaikanso chikhatho kuti mwina manja awo ozizira akuwanamiza. Ayi ndithu. Giza ya m'boti imatenthedwa ndi zinthu ziwiri basi, injini ikamalira kapena chingwe cha magetsi a padoko. Anakwawira ku injini n'kuigwira: zii, ngati mwala wa m'mtsinje. Anasuzumira panja: chingwe cha magetsi chinali chokulungidwa bwinobwino, chomangidwa ndi kamfundo ka a Sakala, kangaude atalukapo kale.

"Alamu, kodi munabwera kuno masiku apitawa? Kapena pali amene munam'patsa makiyi?"

"Iyai. Kuchokela tsiku lija sin'napondemo. Chifukwa?"

A Namaona akanatha kunama. Koma mayiyo anali atadzuka kale, nagwada pambali pawo, n'kuika dzanja pomwe panali lawo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Nkhope yawo sinaonetse mantha, ndipo chimenecho n'chimene chinawaopsa a Namaona kuposa gizayo.

"Musaichotse," anatero mayi Sakala motsitsa mawu.

"Alamu, tikasiya madzi muno iphulika. Ikaphulika iwononga ndi matabwa omwe."

"Manje akabwela azasamba chani?"



"Kuchokela tsiku la chikwati," mayiyo anapitiriza, "ndine nenze kuwaikila madzi. Ku Chipata pa mbaula, ku Lusaka pa stovu. Ngakhale kuno, kumene mpopi uli na madzi yotentha kale, nenze kuwatsegulila ine, n'kuyesa na chigongono. Anali kuseka, ati Agness, tili ku Canada. Manje imwe mufuna kuti apeze pinki m'mipopi?"

"Sindikutaya giza, alamu. Ndikungoipumitsa. Kukafunda ndidzalumikizanso ndi manja angawa."

Mayi Sakala anawayang'ana m'maso ngati akufuna aone ngati akunena zoona. Kenako anadzuka, nasasa mawondo.

"Chitani. Koma ine siningaonelele. Nili m'motoka."

A Namaona anamva makwerero akulira, kenako chitseko cha galimoto. M'boti munatsala iwo okha.

Anayatsa mabatire, poti pampu idzafunika poyendetsa mankhwala. Anatsegula mipopi kuti thanki yaikulu ithe, naitsekanso yonse umodziumodzi, wa kukhitchini, wa pa sinki ya kuchimbudzi, wa shawa. Atatero anagona chammbali, mutu ndi phewa zili m'kabati, n'kutsegula kavalavu ka pansi pa giza. Madzi anayamba kutsikira m'mimba mwa boti, ndipo m'kuwala kwa tochi anaona nthunzi ikukwera pang'onopang'ono. Inawafika kumaso. Anamasula kilampu yomangira paipi yozizira.

Pomwepo pampu inalira. Trrrr. N'kusiya.

A Namaona anauma. Pampu ya m'boti silira yokha. Imalira madzi akapeza potulukira, ndipo kawirikawiri ndiye kuti wina watsegula mpopi. Anadziuza kuti ndi iwo omwe achititsa, poti amasula kilampu. Anakanikiza paipiyo ndi chala, naimanganso zolimba, n'kudikira.

Trrrr. Trrrrrr.

Ulendo uno sinasiye msanga. Ndipo kuseri kwa khoma la thabwa, m'kachipinda kosambira, kunamveka madzi akugwera pansi.

Anatuluka m'kabatimo chobwerera m'mbuyo, nagunditsa mutu osamva kupweteka. Kuchokera pomwe anagwada mpaka pa chitseko cha kachipindako panali pongotambasula mkono. Anakankha ndi nsonga za zala. Munalibe munthu. Mpopi wa shawa, wa mbali yotentha, unali wopotoka pang'ono, madzi akutsika mwa kamzere. Kagalasi ka pamwamba pa sinki kanali kataphimbidwa ndi nthunzi, moti nkhope yawo sinaonekemo.

Miyendo inawauza kuti athawe. Koma pansi pa makwerero panali mayi amene anawalonjeza, ndipo chisanu sichikanadikira mantha a munthu. A Namaona anavula chipewa chawo.

"Achimwene," anatero, "ndine Namaona. Pepani, ndikutseka madzi. Kukubwera chisanu, boti lanu lingawonongeke. Alamu ali bwino, ali panjapa. Musandiopseze, ine mukundidziwa mtima wanga ndi wochepa."

Anadikira. Kunja chingwe china chinkamenya mlongoti wa boti loyandikana, ngwe, ngwe, ngwe. Anatambasula dzanja n'kutseka mpopi uja. Pampu inakhala chete.

Zotsalazo anazichita mmene amachitira masiku onse, kungoti ankanena mokweza chilichonse asanachichite, ngati namwino wosambitsa wodwala. Ndikuzula yozizira. Ndikuzula yotentha. Ndikulumikiza. Giza inakha mpaka dontho lomaliza, ndipo pansi pa chikhatho chawo anaimva ikuzizira. Anaviika paipi ya pampu m'chigubu cha mankhwala, natsegula mpopi uliwonse mpaka pinki atatuluka. Wa shawa anausiyira kumapeto, ndipo anautsegula atayang'ana kumbali. Anazula mabatire, natseka chitseko, n'kutsika.

Mayi Sakala anatsitsa windo la galimoto.

"Mwatsiliza?"

"Ndamaliza, alamu."

"Yenze yotentha mpaka pansi?"

"Mpaka pansi."

Mayiyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zomwe ankayembekezera, nalandira makiyi. Za pampu ndi galasi a Namaona sanawauze.

Anauza Selina yekha, madzulo akudya. Selina waona anthu ambiri akutsirizika m'manja mwake ndipo satekeseka msanga. Anafunsa ngati dzuwa silinawombe mbali imeneyo ya boti. Anafunsa ngati wina wosowa pogona sankalowamo mozemba, poti lendi ya masiku ano yathamangitsa ambiri. A Namaona anati loko anali wosathyoka, ndipo kangaude uja sakanaluka tsiku limodzi. Selina anatafuna kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye munachita bwino kuwapepesa," n'kuwawonjezera ndiwo.

Maboti onse anakutidwa ndi mapulasitiki oyera, bwalo n'kusanduka ngati manda a njovu. Miyezi yachisanu a Namaona amakhala m'shedi kukonza mapampu, ndipo njira yochokera poimika galimoto imadutsa pafupi ndi boti la a Sakala. Iwo anayamba kuzungulira njira yaitali, ya kumpanda, ngakhale mphepo ya kunyanja imaluma kwambiri kumeneko. Anzawo atafunsa, anati dokotala wawalamula kuyenda.

Mu Meyi madzi atayamba kufunda, asodzi a tsidya la ku America anapeza thupi pafupi ndi gombe. Linali la a Sakala. Anawaika ku Oshawa, m'manda oyang'ana njanji, ndipo a ku Malawi ndi a ku Zambia anadzaza tchalitchi mpaka ena kuima panja. Nyimbo zinkayamba m'Chichewa cha ku Lilongwe n'kukathera m'Chinyanja cha ku Lusaka popanda wodandaula. A Namaona anagwira nawo bokosi, mbali ya kumutu. Linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira.

Patapita milungu ingapo mayi Sakala anagulitsa boti kwa banja lina la ku Kingston. Asanalitenge, a Namaona anakwera n'kulumikizanso giza monga analonjezera, mnzawo wa pantchito ataima pakhomo, iwo atanamizira kuti akufuna wowagwirira tochi. Palibe chinachitika. Madzi anadzaza, pampu inalira n'kusiya pa nthawi yake. Boti linatsitsidwa m'madzi, ndipo analiyang'ana likutuluka padoko mpaka matanga anasanduka kadontho.

Akugwirabe ntchito padoko lomwelo, ngakhale mawondo ayamba kukana zokwawa ndipo Selina akuti chaka chamawa apume. Achinyamata amene amabwera kudzathandiza nyengo yotulutsa maboti amawadziwa ndi khalidwe limodzi. Akafika pamwamba pa makwerero a boti lililonse, ngakhale mwini wake ali ku Florida ndipo makiyi ali m'thumba mwawo, amagogoda padenga la chipinda n'kunena kuti, "Odi." Kenako amaima pang'ono, khutu atatchera, asanalowe.