Mkwatibwi wokankha galimoto

Ndikukumbukira chaka chimene achemwali anga a Estere ankakwatiwa kwathu ku Chintheche. Ine ndinali mu Sitandade 3, ndipo anandisankha kutsogolera mzere wa atsikana ovina polowa kumadyerero. Udindo umenewu ndinautenga ngati andipatsa unduna. Vuto linali lakuti masitepe saphunzirika popanda nyimbo, ndipo wailesi yakaseti yomveka bwino m'mudzi monse inali ya m'galimoto ya amalume, omwe kwathu timati asibweni.

Galimotoyo inali yakale, yabuluu, yonunkha usipa ndi petulo chifukwa inkanyamula anthu ndi katundu pakati pa Chintheche ndi Kande. Masana asibweni ankaiimika pansi pa mtengo wa mango, n'kutsegula zitseko zonse, ife n'kumavina pamchenga wotentha. Koma iwo sanali munthu wokhazikika. Nyimbo ikafika pokoma penipeni, anzawo ankawaitana kubawo, iwo n'kuzula kiyi, wailesi n'kuti zii, ife miyendo ili m'mwamba. Kusiya kiyi sakanayerekeza, chifukwa anyamata ovina nafe ankayang'ana chiwongolero ndi maso anjala.

Tinadandaula mpaka anatopa nafe. Tsiku lina anabwera ndi mpeni wosendera chinangwa, n'kusolola wailesi pamalo pake. Kumbuyo kwake kunatuluka mawaya amitundumitundu ngati matumbo a nkhuku. Anatifotokozera mwauphunzitsi kuti waya wofiira amalandira moto pokhapokha kiyi atapotokoledwa, pomwe wachikasu amayamwa kubatire usana ndi usiku. Anadula wofiirayo, mbali yopita kuwailesi n'kuipotera kwa wachikasu, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kenako anazula kiyi tonse tikuona, n'kuiponya m'thumba la malaya. Nyimbo inapitirira. Tinakuwa ngati taona matsenga, ndipo asibweni anapita kubawo akuyenda monyang'wa.

Sabata ya ukwati anaitsuka galimotoyo ndi madzi a kunyanja, anaikongoletsa ndi maliboni, n'kulengeza kuti siyendanso mpaka Loweruka kuopa fumbi. Injini sinalizidwe ngakhale kamodzi, koma ife tinkavina kuyambira m'mawa poti sukulu inali itatsekera. Lachisanu madzulo azakhali athu, omwe timati ankhazi, anali m'nyumba kulangiza a Estere, ndipo phokoso lathu linawakwana. Anatuluka, analowetsa mkono pawindo, n'kupotokola kabatani mpaka mawu anatheratu. Kwa ankhazi, wailesi yopanda mawu inali yozima. Anatithamangitsa kuti tikasambe, kagetsi kobiriwira ka wailesiyo n'kutsala kakuyaka popanda wokaona.

Abusa athu anali atachenjezeratu kuti ukwati adalitsa m'mawa ndithu, chifukwa pambuyo pake ankapita kumpingo wina wakutali kukachititsa mgonero. Mkwatibwi akachedwa, akapeza tchalitchi chotseka, ndipo aliyense ankadziwa kuti abusawo sankanena zocheza. Abale a mkwati anali atabwera pa sitima kuchokera ku Usisya, mbuzi zinali zitaphedwa kale, ndipo mpunga wa ku Limphasa unali pamoto. Ukwati woterewu sungauimitse kuti udikire Loweruka lina.

Loweruka m'mawa azibambo ndi anyamata onse anatsogola wapansi. Pakhomo tinatsala amayi ophika, ife atsikana m'madiresi oyera, ndi asibweni mu suti yobwereka imene manja ake ankathera pamwamba pa wotchi. Ankhazi anatulutsa a Estere pang'onopang'ono. Malamulo anali omveka: mkwatibwi sathamanga, saseka, sayang'ana anthu kumaso, ndipo salankhula. A Estere amene ndinkawadziwa ine ankapalasa bwato kuposa anyamata ndipo kuseka kwawo kunkamveka kumsewu. Nditawaona atazyolika chonchija ndinamva chisoni, ngati achoka kale pakhomo pathu.

Atakhala kumpando wakumbuyo, asibweni anapotokola kiyi. Galimoto inangoti tche, basi. Anayesanso, inatinso tche. Anatsegula boneti n'kugogoda mitu ya batire ndi mwala, koma sizinathandize. Pobwerera pampando m'pamene anaona kagetsi kaja kakuphethira mofooka.

"Wailesiyi anazimitsa ndani dzulo?" anafunsa.

"Ndine, ada," anayankha ankhazi. "Ndinapotokola mpaka inakhala chete. Mumafuna ndichite kuipempha?"

Asibweni anayang'ana waya uja anapotera okha, n'kuzindikira kuti wailesi yamaliza batire. Nthawi yomweyo belu loyamba la kutchalitchi linamveka chapatali.

Njira inatsala imodzi, kukankha mpaka panjira youma yotsetsereka kuti ilire poyenda. Amayi anasiya zipande, anamanga zitenje m'chiuno, ifenso tinagwira paliponse pogwirika. Koma mchenga wa kwathu sudziwa ukwati. Matayala anangomira, galimoto inasuntha pang'ono n'kubwerera pomwe inali. Belu lachiwiri litalira, mayi anga anayamba kupemphera mokweza, asibweni thukuta lili kamukamu mu suti ya eni ake.

Ndiye chitseko chakumbuyo chinatseguka. A Estere anatuluka, anavula nsapato n'kundipatsa ine, anakwinya diresi mpaka m'mawondo.

"Ama, tengani mphasa muyale kutsogolo kwa matayala," anauza mayi athu. "Ankhazi, mundikalipira tikabwerako."

Ankhazi anagwira kumutu. "Yayi, yayi, mwana wangu, anthu atiseka!"

Palibe anawamvera. Mphasa zinayalidwa, a Estere anatsamiza magolovesi oyera kumbuyo kwa galimoto, n'kuyambitsa mfuu ija amakuwa asodzi pokoka khoka. Tonse tinavomera. Ankhazi, poona kuti sangasiye mkwatibwi yekha, anaika phewa pambali pake n'kukankha kuposa tonsefe. Galimoto inakwera pamphasa, inafika pouma, inayamba kutsetsereka. Asibweni anasiya kilatchi, iyo inatsokomola, inanjenjemera, n'kulira ndi utsi wakuda umene unatipeza tonse kumaso.

Kuima asibweni anakana, poopa kuti izimanso. Anangochepetsa liwiro n'kumakuwa pawindo kuti tilumphiremo. Choncho anthu a m'mbali mwa njira anaona zimene sanaonepo: mkwatibwi wopanda nsapato akuthamangitsa galimoto ya ukwati wake womwe, ankhazi ali pambuyo atagwira nsonga ya velo.

Tinafika abusa atatuluka kale, chikwama chili m'manja. Mkwati, amene lero ndi alamu anga a Mateyu, anali ataima pakhomo nkhope ili gwa ngati wafedwa. A Estere anatsika velo itapendama, magolovesi ali bii, mapazi ali mchenga wokhawokha, ine ndikuwatsata ndi nsapato. Ankhazi ananong'ona kuti azyolike msanga, koma iwo ankangopuma wefuwefu akuyang'ana abusa m'maso. Abusawo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anapatsa mkulu wa mpingo chikwama chija.

"Munthu wobwera chonchi ndiye kuti wafunadi kubwera," anatero. "Tiyeni tilowe."

Nthungululu zimene zinamveka pamenepo sindinazimvenso pa ukwati wina uliwonse. Masana tinavina masitepe athu onse osaphonya, madiresi ali ndi madontho a utsi, injini ya asibweni ikulira mpaka madyerero kutha.

Masiku ano ana amaphunzira masitepe ndi foni ndi kasipika kokwana m'thumba, ndipo palibe amene amasendanso waya ndi mpeni wa chinangwa. Akwatibwi amabwera pa galimoto zahayala zonyezimira, amachedwa dala, abusa n'kumadikira. Asibweni ndi ankhazi onse anatisiya, atakangana za kabatani kaja moyo wawo wonse popanda wogonja. Alamu a Mateyu anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo tsopano amayendera njinga ya olumala. Lamulungu lililonse a Estere, imvi zili mbuu, amawakankha pamchenga kupita kutchalitchi, ndipo achinyamata akafuna kuwalandira amakana. Ndikakhala kumudzi n'kuwaona akudutsa ndimayamba ndi kuseka, kenako misozi imangobwera yokha.