Mitengo ya Chinangwa pa Kaliyala

Ku Salima sindinapite mofuna ayi. Ndinali mtsikana wa kumapiri a Dedza, wozolowera juzi ndi mbatatesi, ndipo nditangomaliza maphunziro a ntchito yosamalira ana anandiponya kunyanja mwezi wa Okutobala. Wodziwa dzuwa la kumeneko amvetsa chipongwe chake. Ndinatsika basi diresi itamatirira kumsana, achinyamata a chipani n'kundiimitsa pamsika kufuna khadi la umembala wa chipanicho ndisanamwe ndi madzi omwe. Khadi ndinawaonetsa, koma mumtima ndinali nditayamba kale kulongedza.

Abwana a ofesi yathu, imene anthu ankangoti ya sosholo, anali bambo wofatsa wa dazi. Sanandibisire kanthu. Anati dera la Lifuwu, kumene ankanditumiza, linali litathawitsa kale anyamata awiri: woyamba anatopa ndi malungo, wachiwiri anapeza ntchito ya taye mumzinda. Iwo anali atatopa kupempha anthu kulikulu, ndiye aliyense wobwera ankamunyengerera ndi njinga ndi nyumba ya malata. Njinga anandipatsadi, yopanda buleki yakumbuyo. Nyumba nayo inalidi ya malata, masana mumachita kupsa munthu.

Mwa ana amene anyamatawo anandisiyira munali kamtsikana kamasiye ka zaka ngati zisanu ndi zitatu. Poliyo inali itapinda mwendo wake umodzi, moti ankakwawa. Ankamulera malume ake, msodzi wachisilamu wosakonda zolankhulalankhula. Chofunika chinali kupita naye kuchipatala cha mumzinda kuti akamupangire zitsulo za mwendo, kubwererako kangapo mwana akamakula, kenako kumulowetsa sukulu. Sinali ntchito ya mwezi umodzi, ndipo popanda chilolezo cha malumewo sikanayambika.

Tsiku loyamba ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Anandiyalira mkeka, tinalonjerana bwinobwino. Koma nditangotulutsa tepi yoyezera, mwana uja anafunditsa mwendo wake chitenje n'kukwawira kuseri kwa nkhokwe. Malumewo anandifotokozera mosakweza mawu kuti anzanga awiri aja anauyeza kale mwendowo, aliyense n'kulonjeza galimoto. Kawiri konse mwana anasamba, anadzola mafuta, anakhala m'mbali mwa msewu mpaka dzuwa kupendeka. Kuyambira pamenepo mwanayo anasiya kuyankha munthu aliyense wa boma.

"Mwendo wa mwana wanga si nsalu, mayi, yoti aliyense wodutsa aziyeza," anatero.

Ine pakamwa sindichedwa. Ndinawauza kuti ine si anyamata ajawo, ndipo kuti akumuchedwetsa okha mwana. Sanatsutse. Anadzuka, anapita kudimba, anabwera ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa n'kuumangirira pa kaliyala ya njinga yanga. Anati ndikabzale, zikamera tidzakambirana, Inshallah.

Ndinapalasa njira yonse ndikutukwana chamumtima. Ine ndabwera kudzathandiza mwana, iwo akundipatsa ganyu? Nditafika ndinauponya mtolowo kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa bafa.

Amene anandimasulira anali amayi oyandikana nane, akazi a mlangizi wa kusikimu ya mpunga. Atauona mtolowo anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati kuno mlendo wobzala chimanga samukhulupirira kwenikweni, chifukwa akakolola amatha kukwera basi. Koma chinangwa cha mtundu umenewo chimakhala m'nthaka kupitirira chaka, ndiye wochibzala amakhala wanena kuti adzakhalapo pokumba. Anyamata awiri aja anapatsidwanso mitolo yawo. Wina anakolezera moto, wina anasiyira chiswe. Anandiuzanso kuti malumewo amadutsa njira ya kuseri kwathu Lachisanu lililonse pochokera kumzikiti, ndipo maso ali nawo.

Zinandipweteka, chifukwa bamboyo anali atandiwerenga bwino. Ndinali nditapempha kale abwana kuti andisamutse. Malungo nawo anandigwetsa sabata yathunthu, ndikulira amayi anga ngati khanda. Mtolo uja unangokhala pomwepo.

Mvula yoyamba itagwa ndinapitanso kumudzi kuja pa nkhani ya mwana wina. Unali m'mawa, ana akupita kusukulu atafunda masaka kumutu. Kumbuyo kwawo ndinaona kamtsikana kaja kakukwawa m'matope kuwatsatira. Kanafika pomwe kanjira ka kwawo kamakumana ndi msewu, kanaima pamenepo, n'kumawayang'ana mpaka atakhota. Ine sikanandione. Ndinapsa mtima kwambiri, ndi anyamata aja, ndi malume, ndi boma, ndi ine ndemwe amene ndinali pafupi kukhala wachitatu.

Nditafika kunyumba ndinapita kuseri kwa bafa. Mitengo ina inali itauma, koma yambiri inali itayamba kutulutsa timaso tobiriwira ili chigonere pansi. Ndinabwereka khasu kwa amayi oyandikana nawo. Iwo anandionetsa kadulidwe kake ndi mbali yoloza kumwamba, uku akundinyoza kuti anthu a ku Dedza timadziwa kabichi basi. Ndinabzala ndi mkwiyo, matuza thoo m'manja. M'mawa mwake ndinakauza abwana kuti za kusamuka zija aziiwale. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Sabata yotsatira njinga yanga inali ndi buleki yakumbuyo.

Panadutsa Lachisanu zingapo, malumewo akungodutsa ndi moni. Masamba atatambasuka m'mizere yonse, malumewo anabwera masana ena atamukweza mwana panjinga. Anamutsitsa pakhonde, iwo n'kukaima m'mundamo manja kumbuyo, kuyang'ana mzere ndi mzere. Anati ndinathithikanitsa kwambiri, koma Alhamdulillah, zamera. Mwana anayang'ana mundawo nthawi yaitali. Kenako ndinamva mawu ake koyamba, aang'ono, okhala ngati a chimfine.

"Amayi, adzakumba ndani?"

"Ine," ndinatero. "Iwe udzandigwirira dengu."

Anamasula chitenje yekha n'kutambasula mwendo uja pasimenti. Tepi inali m'nyumba, ndinachita kuithamangira.

Zotsatira zake sizinali zophweka, ndisaname. Galimoto ya boma inatilephera kangapo, tinakwera basi ndikumubereka. Zitsulo zoyamba zinamutupitsa, tinabwerera nazo. Aphunzitsi aakulu anayamba akana kuti alibe pomukhazika, ndinawakalipira mpaka anapeza malo. Ndinakhala ku Salima zaka zambiri, ndipo nditakhala ine wolandira atsopano, njinga ndinkawapatsa ndithu, koma ndinkawaperekezanso ndekha kumudzi ndi kuwauza kuti akapatsidwa mtolo asauponye kuseri kwa bafa. Ena anachokabe, ena anakhala.

Chinangwa chija tinakumba mvula yachiwiri itatha. Mwana anabwera kuchokera kusukulu ndi yunifolomu yake, zitsulo zikulira kwee kwee, ndodo m'khwapa. Dengu anagwiradi, ataima. Titamaliza ndinalowa m'nyumba kukatunga madzi akumwa, ndipo potuluka ndinamupeza atakhala pansi akusankha mitengo yonenepa, akuimanga ndi luzi. Ndinkayesa akupita nayo kwawo. Malume ake atabwera kudzamutenga, mwanayo anawauza kuti mtolowo asaukweze panjinga. Anaukoka yekha mtolowo mpaka pakhonde panga, n'kundifunsa ngati khasu ndagula langa kapena ndikabwerekanso.