Tamanda wadzala peyala ku Rugare

Mwaswera bwanji nonse.

Tamanda wanga wayankhidwa lero, amulemba ntchito yosamalira okalamba ku UK. Digiri yake ija idikire kaye, wakwana nako kuzungulira nayo m'tauni. Tinakwera kombi, minibasi za kuno, kupita ku Rugare, komboni ya anthu a njanji, kukauza agogo ake, Bambo anga.

Tamanda pofuna kuwatonthoza akuti, “Sekuru, ndikakhalako zaka ziwiri zokha.”

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. “Zaka ziwiri? Inenso ndinawauza choncho amayi anga ku Dedza.”

Ndinakumbukira nthawi ya boma la azungu la Smith tili ana. Bambo ankakana kudzala mtengo uliwonse pakhomo, ati ife ndi alendo m'dziko lino, tangobwera kudzagwira ntchito ya njanji. Nkhondo itatseka njira yakumudzi yodzera ku Tete, tsiku lina anangotenga khasu n'kudzala peyala lomwe lili kuseri kwa nyumba. Kumudzi sanapitenso, ngakhale ku maliro a amayi awo.

Ndiye lero atulutsa Tamanda panja, ndodo ili m'manja, n'kumupatsa nthanga ya peyala lomwelo. Mwana wakumba atavala nsapato zake za muofesi, iwo akulondolera.

“Dzala kuno,” akutero. “Kumeneko usakadzale kanthu, ngakhale tomato. Mtengo umagwira munthu mwendo.”

Tamanda anafunsa kuti azithirira ndani. Bambo akuti, “Ine. Koma ufulumire kubwerako, sindilonjeza kuti ndidzadya nawo.”

Abale, mwanayu ndimulimbikitse apite, kapena ndingokhala chete? Ine mtima wanga uli pawiri.