Mafuta a Nsatsi Amene Ndinamwetsa Abambo Ake Rosa

Chizindikiro choyamba chinali nyerere. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene ndinaona nyerere zitaunjikana kuseri kwa bafa, pamalo pomwe amuna anga amakonda kutayira madzi m'mamawa. Ndinazisesa, mawa lake zinabweranso. Ndinathirapo phulusa, koma zinangosuntha pang'ono n'kubwerera pomwepo.

Amuna angawo dzina lawo ndi a Tomasi, koma kwathu kuno, kufupi ndi Massangulo, aliyense amawadziwa kuti abambo ake Rosa, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika. Ndi munthu wosadandaula. Sipoko ikawabaya amangoyamwa chalacho n'kupitiriza ntchito. Choncho zambiri ndinkangoziona ndekha. Madzi ankamwa osakhuta, ndipo kutaya madzi kunali kosalekeza. Ankadya bwino koma thupi linkangopita, mpaka lamba wa buluku anamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Tsiku lina anabwera masana ntchito isanathe, n'kunena kuti sakuona bwino kabowo ka pachubu.

Ndikanakhala munthu wina ndikanati tiyeni kuchipatala, pakuti sikutali. Koma ine ndine Filomena, amene ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi kwa amwenye ku Cuamba, ndipo pamudzi pano ndinkadzitenga ngati theka la dotolo. Mwana wa mnzanga akatsokomola, woyamba kufika ndi malangizo ndinkakhala ine, ngakhale asanandiitane.

Ku Cuambako ndinkaphikira banja lina la sitolo pafupi ndi njanji. Mayi wa m'nyumbamo, Dona Mira, mvula ikangotha ankachita zimene ankazitcha kutsuka thupi, potsatira mankhwala a makolo awo otchedwa Ayurveda. Masiku atatu oyamba ankamwa m'mawa mafuta osungunula a mkaka wa ng'ombe, ndipo wowatenthetsa ndinali ine. Kenako mng'ono wawo ankawapaka mafuta ofunda thupi lonse n'kuwafunditsa pa nthunzi, monga timachitira ife ndi masamba a bulugamu munthu akagwidwa chimfine. Tsiku lotsatira ankamwa mafuta a nsatsi otsegula m'mimba, ndipo kwa masiku angapo ankangodya phala lamadzimadzi la mpunga. Akamaliza nkhope inkasalala, kuyenda kunkapepuka, n'kumandiuza kuti abadwanso. Ndinaziona kasanu konse, ndipo ndinazisunga m'mutu ngati Atate Athu.

Ndiye madzulo ena ndinawauza amuna anga kuti, “Abambo ake Rosa, m'thupi mwanumo mwadzaza zoipa. Nyerere sizinama. Ndikutsukani ngati mmene ankachitira Dona.”

Anaseka pang'ono n'kuti, “Ngati mwatero inu amake Rosa, ine ndikana bwanji? Zaka zonsezi ndadya za m'manja mwanu.”

Mawu amenewa amandilasabe mpaka lero.

Mafuta a mkaka aja kuno kulibe, ndiye ndinasungunula majarini. Mafuta a nsatsi a Dona ankabwera m'kabotolo kogula, ndipo ankawayeza ndi kasupuni kakang'ono. Ine ndinatola nsatsi kuseri kwa khola la mbuzi, ndinakazinga, ndinasinja, ndinawiritsa, n'kuwengula mafuta pamwamba monga ankachitira mayi anga akafuna mafuta odzola. Poyeza ndinatenga kapu ya tiyi, poganiza kuti mwamuna wogwira zitsulo sangafanane ndi mayi wokhala pasitolo. Phala la Dona linalibe chilichonse, koma ine ndinaona kuti munthu wanga wafooka, choncho ndinathiramo shuga wambiri ndi uchi kuti apeze mphamvu.

Tinayamba Lolemba. Lachinayi m'mawa anamwa nsatsi zija, akukwinya nkhope. Pofika masana anali atapita kuchimbudzi kosawerengeka, ndipo anayambanso kusanza. Ine ndinkawalimbikitsa kuti zoipa zikutuluka. Lachisanu analephera kudzuka pamphasa. Milomo inang'ambika, lilime linauma, maso analowa m'kati, ndipo kutaya madzi kuja, kumene kunali kosalekeza, kunasiyiratu. Ndinaganiza kuti kusiya kumeneku ndiko kuchira. Loweruka m'mawa anandiyang'anitsitsa n'kundiitana dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Udotolo wanga unathera pomwepo.

Mneba wathu anabweretsa njinga yamoto. Tinawakweza pakati, ine kumbuyo nditawamangirira kwa ine ndi kapulana, chitenje changa, kuti asagwe. Pachipatala chaching'ono cha kwathu, enfermera, ndiye kuti namwino, anawabaya chala n'kuika dontho la magazi pa kamakina. Kamakinako sikanaonetse nambala. Anatiuza kuti shuga wakwera kupitirira pomwe kamatha kuwerenga. Anawaika soro, madzi aja olowera mumtsempha, n'kulemba kalata yotitumiza ku Mandimba. Kumeneko tinagona tsiku limodzi. Lamulungu dotolo anati impso zikuoneka kuti zaima, ndipo galimoto ya odwala inatitengera ku Cuamba.

Apa ndinene chimene chimandichititsa manyazi koposa. Paliponse pamene tinafika ankandifunsa funso limodzi: kodi pali mankhwala ena amene amwa kunyumba? Paliponse ndinkayankha kuti, “Palibe.” Ndinkaopa kukalipiridwa pamaso pa anthu. Koposa apo, ndinkaopa kuti akapanda kudzuka, abale awo adzati ndinawapha dala. Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, ine ndinali kuteteza dzina langa.

Ku Cuamba anatilandira mwana wathu Rosa, amene amaphunzitsa kumeneko. Bambo ake sanamuzindikire. Anawagoneka pabedi la pafupi ndi zenera, soro mkono uwu, jekeseni wa shuga nthawi ndi nthawi, ndi kapaipi kotulutsa mkodzo kolowera m'thumba lopachikidwa pambali pa bedi. Enfermera wa m'chipindamo, mayi wachikulire wolankhula Chimakua chosakaniza ndi Chinyanja, anandilozera thumbalo n'kuti, “Mayi, ntchito yanu ndi iyi. Likayamba kudzaza, mudziwe kuti impso zadzuka.”

Moyo wa m'chipatala uli ndi ndondomeko yake. M'mawa amatitulutsa ife osamalira odwala kuti akolope. Timakakhala pansi pa mitengo ndi timapoto tathu, tikufunsana kuti wanu wagona bwanji. Kenako madotolo amadutsa bedi ndi bedi, ife tikusuzumira pazenera. Masana timaloledwa kulowa ndi chakudya. Zotsalazo ndi kudikira basi. Ine ndinkakhala pansi, msana kukhoma, maso pathumba lija. Lolemba lonse munangolowa timadontho tochepa, takuda ngati tiyi wopanda mkaka. Lachiwiri m'mawa zinali chimodzimodzi. Munthu wa bedi loyandikana ndi la amuna anga anatulutsidwa atamuphimba, ndipo mkazi wake anandisiyira mbaula yake.

Tsiku lomwelo dotolo, mayi wachitsikana wa mawu ofatsa, anandiitanitsa pafupi ndi bedi. Amuna anga anali atayamba kutsegula maso ndi kumva zolankhulidwa. Dotoloyo anati, “Za shuga ndikuzimvetsa. Koma thupi ili lauma kuposa mmene ndimayembekezera, ndipo m'mimba simukuleka. Mayi, ine sindine wapolisi. Ngati pali chimene anamwa, ndiuzeni kuti ndidziwe chimene ndikulimbana nacho.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinenenso bodza langa lija, koma amuna anga ananditsogolera. Ndi mawu osamveka bwino anati, “Ndinamwa ndekha, dotolo. Akazi angawa sakudziwa kanthu.”

Munthu amene sankatha kutukula mutu ankayesa kundibisa ine kumbuyo kwake. Ndinagwada pomwepo, misozi ili chuchuchu, n'kufotokoza zonse: majarini, nsatsi za kuseri kwa khola, kapu ya tiyi, phala la shuga ndi uchi. Rosa anandigwira paphewa. Dotolo sanakalipe. Anafunsa kuchuluka kwake, tsiku lake ndi mmene ndinaphikira. Anati njere za nsatsi zili ndi poizoni, ndipo mafuta owengula pakhomo palibe angatsimikize kuti ndi oyera. Anatinso munthu wa shuga wokwera amakhala atauma kale m'thupi, ndiye kumutsegula m'mimba kuli ngati kutunga madzi otsiriza m'chitsime cha mu Okutobala. Pomaliza anati, “Mwachita bwino kunena. Mukananena tsiku loyamba, anzanga aja akanadziwa poyambira.” Anasintha soro n'kulemba mankhwala ena.

Lachitatu masana ndinali kuwapukuta nkhope pamene ndinaona kapaipi kaja kakuyenda. Ndinasiya nsalu n'kugwada kuti ndione bwino. Madontho ankagwa motsatizana, ndipo mtundu wake unayamba kuyera. Ndinathamanga wopanda nsapato kukaitana enfermera. Iye anabwera, ananyamula thumbalo, analiyang'ana pa kuwala kwa zenera n'kumwetulira. Ndabereka ana anayi ine, ndaona maukwati ndi maubatizo, koma sindikumbukira tsiku limene ndinasangalala ngati mmene ndinasangalalira ndi mkodzo umenewo.

Lachisanu kunabwera mlendo amene sindinamuyembekezere. Rosa anali atadutsira kusitolo kuja n'kunena za matenda a bambo ake, ndipo Dona Mira anafika nthawi yoona odwala, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Tinakhala pabenchi panja. Nditawafotokozera anagwira mutu ndi manja onse awiri.

“Filomena, iwe unkaona za kukhitchini zokha,” anatero. “Ndisanamwe ngakhale supuni imodzi ndinkayamba ndayezetsa magazi. Kenako ndinkapita ku Nampula kwa munthu amene anaphunzira zimenezi zaka zambiri. Ankandigwira pamkono, kundiona lilime, kundifunsa mafunso mpaka kutopa, ndipo muyezo ankanena ndi iye. Chaka china anandikaniza, sukukumbuka? Munthu wofooka, wowonda, wouma m'thupi sitimutsuka. Bwanji sunandifunse?”

Ndinakumbukadi. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zija panali chimodzi chimene sanachite, ndipo ine ndinkati angochita ulesi. Maulendo a ku Nampula ndinkati ndi okaoda katundu. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine phulalo sindinadye ndekha, ndinadyetsa mwamuna wanga.

Pochoka Dona anatulutsa m'chikwama kabotolo ka mafuta a chitowe. Anati pa zonse zimene ndinaona kwawo, kupaka mapazi kokha ndiko angandilole, koma ndiyambe ndafunsa a chipatala. Ulendo uno ndinafunsadi. Enfermera anavomera, n'kundiphunzitsa kuti munthu wa shuga mapazi ake amachita dzanzi, moti minga ikhoza kumubaya iye osamva, kabala n'kukula mpaka kutaya phazi. Anati ndiziwaona mapazi tsiku lililonse kukadali kowala, ndiziwasambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, kupukuta bwino, kenako kupaka mafuta, koma osati pakati pa zala.

Tinatuluka patatha masabata awiri ndi masiku atatu. Tinakwera chapa, minibasi ya kuno, mpaka ku Mandimba, amuna anga atatsamira pa ine njira yonse. Titafika kumudzi ndinaitana achimwene awo n'kuwauza ndekha zimene ndinachita, iwo asanamve kwa wina. Anati chachikulu n'chakuti munthu wabwera ndi miyendo yake. Mawa lake ndinatenga chikwanje kuti ndikadule nsatsi zonse za kuseri kwa khola, koma amuna anga anandiletsa. Anati mtengo sunalakwe, ndipo uzikhala pomwepo kuti tizikumbuka.

Tsopano papita chaka ndi miyezi ingapo. Abambo ake Rosa anabwerera pansi pa mango paja, ndipo kabowo ka pachubu akukaonanso. Amamwa mankhwala awo m'mawa ndi madzulo, tiyi amamwa wopanda shuga ngakhale amadandaula, ndipo mwezi uliwonse timapita limodzi kukayezetsa. Impso zikugwira ntchito, koma anatichenjeza kuti zinavulala, zisadzalandirenso mankhwala osadziwika. Lamba wabwerera bowo limodzi. Nyerere kuseri kwa bafa kulibe.

Sindikunyoza mankhwala a makolo a anthu ena, kapena a makolo athu. Ali ndi eni ake amene amadziwa poyambira ndi polekera. Ndikunena za anthu ngati ine, amene timaona chinthu pakhomo pa wina kapena pafoni n'kuganiza kuti tachidziwa. Mukaona munthu wanu akumwa madzi osakhuta, akutaya madzi pafupipafupi, akuwonda chonsecho akudya, musayambe ndi kumutsuka m'mimba. Pitani naye akamubaye chala, ndi kanthu ka mphindi zochepa. Ndipo ngati mwalakwitsa kale, akakufunsani kuchipatala nenani zoona tsiku loyamba. Manyazi amatha, koma impso sizidikira.

Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, amuna anga amakhala pakampando pakhonde n'kuika mapazi pa miyendo panga. Ndimawasambitsa, ndimaona chala chimodzichimodzi, chidendene ndi kuphazi konse, kenako ndimapaka mafuta a chitowe aja pang'onopang'ono. Mapazi awo ndi okakala, a munthu amene wapalasa njinga moyo wake wonse, ndipo ndikawagwira ndimakumbuka kuti ndinatsala pang'ono kuwataya. Iwo sanandikumbutsepo za nsatsi ngakhale tsiku limodzi. Amangondiyang'ana n'kufunsa mondiseka kuti, “Dotolo wanga, lero mwapeza chiyani?”

Ndimayankha kuti, “Palibe.” Ndipo masiku ano ndikatero ndimakhala ndikunena zoona.