Ndinalemba 34 pomwe panali atsikana 9

Anzanga, Shafiq ndinakumana naye pa bwalo la mpira kuseri kwa msika wa Ntaja, ali kalikiliki kujambula mizere ya bwalo ndi phulusa.

Ine ndine Dorica, kwathu ndi ku Balaka. Chaka chatha ndinapeza kaganyu kofunsa mafunso. Pali bungwe lina lomwe limathandiza matimu a mpira a atsikana m'midzi ya ku Machinga, ndiye eni ake ankafuna kudziwa ngati mpirawo ukusinthadi moyo wa ana kapena akungobwerako ndi fumbi. Anatipatsa matabuleti, aliyense timu yake, ndipo anatiuziratu kuti timu yosaonetsa zipatso ichotsedwa. Ine anandiponya ku Ntaja, kwa kochi Shafiq.

Nditamupatsa moni anayang'ana nsapato zanga zazidendene n'kuseka. Akuti ndi zimenezo pagolo ndikafika mawa. Ndinapsa mtima ndithu... koma m'mawa mwake ndinabwera nditavala matenesi.

Mnyamata uja ntchito amaidziwa, asakunamizeni munthu. Mwana akajomba kusukulu, Loweruka mpira samenya, olo akhale womwetsa zigoli. Pa hafu taimu atsikanawo ankawakhazika pansi pa mtengo wa mango, kuwafunsa za homuweki komanso za akabaza omwe amawakola ndi malifiti aulere. Anayenda khomo ndi khomo kupempha makolo, mpaka anagwirizana ndi a shehe kuti atsikana azisewera atavala mipango ndi mathalauzi aatali.

Goloboyi wawo, Zulfa, anandiuza kuti anatsala pang'ono kukwatiwa ali Sitandade 7. Kochi ndi amene anakakhala pakhonde pa bambo ake masiku atatu otsatizana mpaka bambowo anatopa naye.

Ndinkalemba zonsezi mu tabuleti, uku ine mwini ndikugwa naye m'chikondi pang'onopang'ono.

Shafiq anayamba kumandiperekeza ku siteji ya minibasi akukankha njinga yake, kundiphunzitsa Chiyao n'kumaseka lilime langa. Tsiku lina anaima pakati pa njira.

"Dorica, mafunso akowa amatha liti? Nanenso ndili ndi langa limodzi."

Funso lakelo linali londifunsira chibwenzi. Zoti ndikaganize kaye ine ndinalibe nazo nthawi. Ndinalola pomwepo, kondakitala akundikuwira kuti ndikwere.

Miyezi iwiri imeneyo ndinasangalala, anzanga. Mpaka pano sindinaonenso munthu wosadziwa kunama ngati ameneyo. Ukamufunsa ngati diresi yakukhala, amayamba wayang'anitsitsa kaye.

Vuto linabwera mu Ogasiti. A ku ofesi anaika tsiku lowerenga atsikana pabwalo nthawi ya holide, akuti sukulu zatsekera ndiye ana apezeka ambiri. Sankadziwa kuti ku Ntaja imeneyo ndi nyengo ya zinamwali. Atsikana ena anali ku nsondo, chinamwali cha atsikana a Chiyao, ena ali pakhomo kuthandiza amayi awo kukonzekera tsiku lotuluka abale awo. Pabwalo panabwera ana naini basi.

Ine ndinkadziwa lamulo lake: timu yosakwana ana twente yapita. Ndinamuuza Shafiq za lamulolo. Iye anangoti ndilembe naini, kenako ndifotokoze chifukwa chake m'kabokosi ka pansi pa fomu. Ndinamuyankha kuti a ku ofesi kabokosi ako sawerenga, amangoona nambala. Anati olo asawerenge, ndilembebe zomwe maso anga aona.

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Ndili mu minibasi, tisanafike ndi pa Liwonde pomwe, ndinalemba 34, nambala ya mu kaundula wa Shafiq. Mumtima ndinkati ndamupulumutsa, adzandithokoza tsiku lina.

Patatha sabata, abwana athu, madam Monica, anayamba kuimbira makochi onse kutsimikiza zomwe tinalemba. Atamufunsa Shafiq kuti tsiku lija panali ana angati, anati naini, n'kufotokoza za nsondo. Sankadziwa n'komwe kuti ine ndinalemba zina.

Tsiku lomwelo anandilanda tabuleti. Mafomu anga onse a ku Ntaja anawataya, ngakhale oona aja, ndi nkhani ya Zulfa yomwe. Akuti munthu wonama pa nambala imodzi sangamukhulupirire pa zinazo.

Ndinakwera minibasi kupita ku Ntaja ndili moto. Ndinamupeza akupopa mipira.

"Wandichotsetsa ntchito! Ine ndimafuna kupulumutsa timu yako!"

Anasiya pampu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe iyayi, bola akanakalipa.

"Ndikudziwa kuti unachita chifukwa chondikonda," anatero. "N'chimenecho chikundiopsa. Ngati unganamize abwana ako chifukwa chondikonda, ine ndidzadziwa bwanji tsiku lomwe udzandinamize chifukwa chondikonda?"

Anandiperekezabe ku siteji, koma tonse tinadziwa kuti zathera pomwepo.

Mu Okotobala ndinalandira meseji kuchokera kwa Zulfa. Akuti madam Monica anapita okha ku Ntaja osauza munthu, poti anakhudzidwa ndi kochi wonena zoona zomwe zikanamugwetsera timu. Anakhala pansi pa mango paja n'kuwerenga okha.

Anapeza atsikana 41.

Anzanga, ndinalira ngati mwana. Bodza langa lija linali lochepa kuposa zoona zake. Timu ilipo mpaka lero, anawapatsanso mipira ndi mayunifomu atsopano, ndipo ndimanyadira ndikaona zithunzi zawo.

Chomwe chimandiwawa si ntchito. Ndinkamukonda Shafiq ndi mtima wonse, koma sindinakhulupirire kuti ntchito yake ingaime yokha popanda bodza langa. Ndikamulembera moni amayankha mwaulemu, n'kundifunira zabwino zonse, basi.